Kwa mayi amene akufuna kuima pa chisankho: zimene ndinakumana nazo pofuna ukhansala

Amayi angapo akhala akundifunsa, ena pa foni, ena tikakumana pamaliro kapena ku banki m'khonde, kuti kuima pa chisankho kumafuna ndalama zingati. Za ndalamazo ndinena, koma choyamba ndikufuna mudziwe chinthu chimene ine ndinachiphunzira ndili kale m'kati. Mawu onyoza amene adzakunenereni chifukwa choti ndinu mkazi salunjika inu nokha. Amafuna kuopseza anthu amene akanaima nanu, kuyambira mwamuna wa m'nyumba mwanu mpaka mayi amene mumatunga naye madzi pa mjigo. Anthu amenewa akangoyamba kuchita manyazi kuoneka nanu, chisankho chimakhala chatha tsiku loponya voti lisanafike n'komwe.

Ine ndinaima pa ukhansala pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, m'wodi ina ya kumudzi m'chigawo chapakati, ndipo ndinakhala wachiwiri. Dzina la chipani ndi la dera sinditchula. Anthu amene ndikuwanenawa tikukhala nawo limodzi mpaka lero, komanso amayi a zipani zina amene ndinacheza nawo anakumana ndi zomwezi, choncho si nkhani ya chipani chimodzi.

Ndisanalowe ndale ndinali ndi kagolosale pa tiredingi senta, ndinali wapampando wa banki m'khonde yathu, ndiponso membala wa komiti ya chitukuko ya m'dera, ija timati ADC. Mjigo ukawonongeka ndine ndinkayenda ndi kope khomo ndi khomo kutolera ndalama zogulira zipangizo. Mlatho wamitengo wopita kusukulu utakokoloka ndi madzi, ndine ndinatsogolera amayi kututa mchenga ndi miyala. Zaka zonsezo palibe anafunsapo kuti ndimayenda ndi ndani, kapena kuti mpamba wa golosale ndinaupeza bwanji. Ankanditchula kuti mayi wachitukuko. Mafunso anayamba sabata yomwe zinamveka kuti ndatenga fomu.

Woyamba kulasidwa anali bambo a ana anga. Pa bawo pamene amakonda kucheza madzulo, anzawo anayamba kuwafunsa kuti, "Achimwene, ndiye mkazi mwamupereka kwa andale? Akamabwera usiku pa galimoto za eni ake, inu muzikhala mukutsuka mbale?" Ena ankati ndinawadyetsa khuzumule. Bambowa ndi munthu wofatsa, sanandiuze msanga. Ndinangoona kuti ku bawo asiya kupita, ndipo nsima akudya ali duu. Tsiku lina apongozi anga anabwera m'mamawa, anakhala pamkeka pakhonde, n'kunena kuti, "Mwananga, ife sitikukanizani chitukuko. Koma dzina la banja lino layamba kutchulidwa kumowa. Akazi a ndale mabanja awo salimba." Sanalankhule mwankhanza. Anali ndi mantha enieni, ndipo amene anawapatsa manthawo ankadziwa bwino chimene akuchita.

Tinakhala pansi ndi bambowa pamodzi ndi ankhoswe, amalume anga atabwera kuchokera kwathu, ndipo ndinawauziratu zonse zimene zidzanenedwe: kuti adzati ndine hule, adzati ndikuyenda ndi akuluakulu achipani, mwina adzabweretsa ngakhale chithunzi. Tinagwirizana kuti foni yanga isakhale yobisa, kuti kumisonkhano yakutali ndizipita ndi mng'ono wanga kapena mlamu wanga, ndipo kuti iwo akamva kanthu azindifunsa tsiku lomwelo, asagone nako. Zimandipweteka kuti mkazi ayenera kuchita zonsezi pamene mwamuna amangodzuka, kusamba, n'kukatenga fomu. Komabe chitani, chifukwa bodza limene amuna anu analimva kale kuchokera kwa inu silikhala ndi mphamvu likadzafika kuchokera kwa ena. Ngati simuli pabanja, kapena banja linatha, kapena amuna anu anatisiya, konzekeraninso. Kwa inu adzati, "Walephera kusunga banja, wodi aisunga bwanji?" Pezani akuluakulu a kubanja kwanu, amalume, achimwene, azakhali, oti azikhala pampando wakutsogolo pamisonkhano yanu kuti anthu aone kuti muli ndi eni ake.

Chida chachiwiri chinali chitengwa. Ine kwathu ndi kwa mfumu yaikulu ina, kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo ana anga onse anabadwira konkuno. Koma pamsonkhano wina mkulu wina anaimirira n'kunena kuti, "Mtengwa ndi mlendo. Banja likatha mawa, chitukuko chathu adzapita nacho kwawo." Mayi wina wa wodi yoyandikana nafe, amene anaima kumudzi kumene anabadwira, ankamuuza zotembenuza: "Iwe unakwatiwa kutauni, kaime kwa amuna ako." Ukakhala mkazi, kulikonse amakupezera chifukwa chakuti si kwanu. Mmodzi mwa amuna amene ndinkapikisana nawo anali mkamwini, koma za iye palibe ananenapo. Malamulo a chisankho safunsa kumene munthu anakwatiwa, ndipo gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mkazi asasalidwe chifukwa choti ndi mkazi, kapena chifukwa choti ali pabanja kapena ayi. Koma pabwalo la kumudzi simungawerenge gawo 24 n'kuganiza kuti mwathana nazo. Chimene chinatseka pakamwa anthu ndi agulupu athu. Sindinawapemphe kuti andichitire kampeni, mafumu sayenera kutero. Ndinangowapempha kuti anene zoona za ine. Pamaliro ena, polankhula, anati, "Ndikumva kuti m'mudzi muno muli alendo. Maliro akagwa kuno, amene amagona pa siwa ndi kuphikira adzukulu zaka zonsezi ndi mlendo?" Nkhani ya chitengwa inazilala kuyambira tsiku limenelo.

Pali chinanso chimene amayi ambiri amachibisa. Chipulula, chisankho chimene chipani chimasankhira munthu wochiimirira, chitayandikira, mkulu wina wachipani wa ku boma anandiimbira foni usiku. Anati, "Mayi, nkhani yanu ndi yosavuta. Bwerani Loweruka madzulo tidzakambirane pa resitihausi. Mubwere nokha, zachipani sizifuna gulu." Ndinapita Lolemba masana, ku ofesi, ndili ndi mlamu wanga ndi mayi wapampando wa amayi m'dera. Anatiuza kuti watanganidwa. Patapita masiku ochepa ndinamva kuti mndandanda wa nthumwi wasintha, ndipo maeriya ena amene ankandikonda sakupezekamo. Ngati zoterezi zikuchitikirani, musafufute uthenga uliwonse, lembani tsiku ndi nthawi imene anaimba, ndipo uzani munthu mmodzi kapena awiri tsiku lomwelo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere ndi mlandu. Dziwaninso kuti zambiri zachipani zimakambidwa usiku ku botolo sitolo, kumene inu mukapezekako mawa lake dzina lanu liyenda. Muyenera kukhala ndi mwamuna wokhulupirika m'gulu lanu, amene angakhale pamenepo n'kudzakuuzani zimene apangana.

Kenako chinafika chisankho cha chipulula. Apa ndi pamene amayi ambiri amathera, ndipo anthu amene amangodandaula kuti amayi ndi ochepa pa pepala lovotera sadziwa kuti ambiri anatsala pabwalo limeneli. Pa nthawi imene ndinaima, m'zipani zambiri kuno kwathu chipulula sichinkakhala chachinsinsi. Opikisana amaimirira kutsogolo atafulatira gulu, nthumwi zochokera m'makomiti a maeriya n'kufola kumbuyo kwa amene zikumufuna, akuluakulu n'kuwerenga mitu. Aliyense amaona kuti wakuti waima kumbuyo kwa yani.

Chathu chinachitikira pabwalo la sukulu. Anatiuza kuti tifike m'mawa, koma oyendetsa chisankho anatulukira dzuwa litapendeka. Amayi ambiri amene anabwera wapansi ndi ana kumbuyo anali atabwerera kale kukaphika. Otsalawo anakhala pansi pa mtengo wa mango, milomo itauma ndi njala. Nthawi yonseyi anyamata ena, atamwa kale, ankazungulira bwalo akuimba nyimbo yotchula ziwalo zanga zobisika. Wina anafuula kuti, "Amene afole kumbuyo kwa huleyu tidziwa kuti ntchito yawo ndi imodzi!" Amuna ena anaseka. Akuluakulu a pa tebulo anangoyang'ana mapepala awo. Nditaimirira pamalo panga sindinkaona zakumbuyo, ndinkangomva mapazi ndi fumbi likulowa m'mphuno. Atatiuza kuti titembenuke, ndinaona mayi amene tinkasunga naye makiyi a bokosi la banki m'khonde, yemwe dzulo lake anachezera nane kukonza chakudya cha nthumwi, ataima pamzere wa mwamuna wina amene ndinkapikisana naye. Maso anali pansi, nsonga ya chitenje ataluma. Amuna ake anali ataima chapambali, manja atapinda pachifuwa, akumuyang'ana.

Mayiyu sindinamusungire chakukhosi. Patapita masiku anabwera kugolosale ngati wofuna sopo, n'kundinong'oneza kuti, "Amayi, mundikhululukire. Akanandithamangitsa pakhomo." Mukadzamva anthu akunena kuti akazi sakondana, kuti mdani wa mkazi ndi mkazi mnzake, muzikumbukira mayi ameneyu. Inde alipo amayi ansanje, monganso alipo amuna ansanje. Koma ambiri amene ndinawaona akuchoka pamzere wanga anachoka chifukwa madzulo ake ankayenera kubwerera m'nyumba imene chimanga, munda ndi denga zili m'manja mwa munthu amene wawaona. Nyimbo ya anyamata aja inalunjika amayiwo kuposa mmene inalunjikira ine. Ine ndinali nditazolowera kale.

Pa chipulula ndinagwa, ndipo ndinaganiza zoima pandekha. Kuno kwathu si zachilendo: pa chisankho chomwecho cha 2019 aphungu 55 analowa m'Nyumba ya Malamulo ali oima paokha, ndipo ambiri mwa anthu otere amakhala oti anagwa pa chipulula. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linali litachepetsa ndalama zolembetsera kwa amayi ndi theka. Pa ukhansala mwamuna ankalipira K40,000, mayi K20,000, ndipo pa uphungu mwamuna K500,000, mayi K250,000. Zimenezi zinathandiza, koma ndalama yolembetsera ndi yaing'ono poyerekeza ndi zotsatira zake. Pamafunika mapositala, mafuta a njinga yamoto, mayunitsi, chakudya cha anthu oyenda nanu, ndi chipepeso pa maliro alionse a m'wodi, chifukwa mukangolengeza kuti mukuima, uthenga wa maliro umayamba kufika kwa inu usanafike kwa achibale. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, komabe pamsonkhano uliwonse pamakhala wofunsa kuti, "Mwatibweretsera chiyani?" Mwamuna akagulitsa fodya kapena ng'ombe n'kuwononga pa kampeni, amati ndi wolimbikira. Ine nditasindikiza matisheti ochepa ndi phindu la golosale, funso linali lakuti, "Wamupatsa ndani?" Langizo langa ndi lakuti muyambe kusunga padera zaka ziwiri chisankho chisanafike, musakhudze mpamba wa bizinesi, ndipo katapila musamuyandikire. Thandizo la kampeni ya 50:50, yofuna kuti amayi ndi abambo akhale ofanana chiwerengero pa mipando, imene inayamba chisankho cha 2009 chisanachitike, ndi la mabungwe ena olimbikitsa amayi, lilandireni. Ine maphunziro awo a kalankhulidwe pagulu anandithandiza kwambiri. Koma dongosolo lanu lisadalire zimenezo, chifukwa nkhondo ya chipulula imayamba kale kwambiri.

M'kati mwa kampeni munatuluka chithunzi chija ndinkachiyembekezera. Wina anandijambula ndikukwera njinga yamoto ya kabaza, dzanja langa lili paphewa la woyendetsa, n'kulemba pansi pake mawu amene sindingawabwereze pano. Chinayenda m'magulu a WhatsApp a m'dera, chinafika kumpingo, chinafika kwa mwana wanga wamkazi kusekondale. Chimenechi ndicho chinandiliza, chifukwa mwanayo sanatenge fomu iliyonse. Nthawi imeneyo dziko lonse linali litangoona kanema wa mayi wina ku Mangochi amene anyamata anamuvula malaya a chipani chake mu Januwale 2019, ndipo ambiri tinkakumbukirabe mmene amayi anavulidwira m'misika ya ku Lilongwe ndi Blantyre mu 2012 chifukwa chovala mathalauza. Amene amafuna kumuchotsa mkazi pagulu amayambira pa thupi lake, podziwa kuti manyazi ake agwira banja lonse.

Ndinasunga chithunzicho pamodzi ndi manambala amene anachitumiza koyamba, ndinakanena kupolisi, ndipo ndinakadandaula ku komiti ya zipani zonse ya m'boma, ija amati MPLC, imene imamva madandaulo a nthawi ya chisankho ndipo wapampando wake ndi DC. Lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi kompyuta, choncho musalole wina akuuzeni kuti ndi zocheza chabe. Chimene ndinaona n'chakuti anyamata oimba nyimbo zotukwana sachita zimenezi mwaulere, amakhala ndi wowagulira mowa. Wowagulirayo ataitanidwa kukayankha pamaso pa anzake a zipani zina, nyimbo zija zinachepa. Dandaulo lanu lizilunjika amene akupindula ndi chipongwecho, osati mnyamata woledzerayo.

Pa mtsutso wa opikisana umene unakonzedwa m'dera lathu, bambo wina anapatsidwa mpata wofunsa funso. Anagwira chimkuzamawu n'kunena kuti, "Ine langa ndi lalifupi. Kodi ng'ombe yaikazi imakoka ngolo?" Anthu anaphulika kuseka. Thupi langa lonse linatentha, koma ndinakumbukira kuti ndikakalipa adzati ndine wolongolola, ndikalira adzati ndine wofooka. Ndinati, "Bambo, funso lanu ndalimva. Ine ndabwera kudzanena za mlatho umene ana anu amawoloka popita kusukulu, ndipo mchenga wake ndinasenza nawo pamutu pangapa." Ndisanapitirize, gogo wina amene anakhala pansi kutsogolo anakweza mawu osaimirira n'komwe: "Nanga mkaka umene unakulira iweyo unayamwa kwa nkhunzi?" Amayi analulutira, bambo uja anakhala pansi. Chipongwe chiyankheni kamodzi, mwachidule, n'kubwerera ku nkhani yanu. Mukathera mphindi zanu zonse kudziteteza, ndiye kuti amene anakutukwanani wasankha mutu wa msonkhano. Ndipo yankho lolasa limakoma likachokera kwa munthu wina m'gulu, makamaka wachikulire amene palibe angamutukwane.

Mwambi wa ng'ombewo sindinayambe kuumva tsiku limenelo. Unamveka kwambiri mu 2014, pamene mayi Joyce Banda ankapikisana kuti apitirize upulezidenti umene anautenga mu Epulo 2012 a Bingu wa Mutharika atamwalira. Asanakhale n'komwe pulezidenti, akuluakulu ena andale anali atanena kale poyera kuti Malawi sanakonzeke kulamulidwa ndi mkazi, ena n'kumawanyoza kuti ndi mayi wogulitsa mandasi. Anthu anali ndi zifukwa zawo zenizeni zokwiyira boma lawo: kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013, kuja timati Cashgate, ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu kwacha itagwa mphamvu. Wovota ali ndi ufulu wochotsa mtsogoleri amene sanamukhutiritse, ndipo mayi Banda anakhala achitatu. Chimene chimandiwawa n'chakuti chilango chinagwera amayi onse. Mu 2009 amayi 43 anapambana uphungu mwa mipando 193. Mu 2014 anatsika kufika pa 32. Amayi amene anaima chaka chimenecho amanena kuti kulikonse ankauzidwa kuti, "Mkazi tamuyesa kale." Ineyo ndinauzidwa mawu omwewo patapita zaka zisanu, pa mpando wa khansala, ndi anthu amene akhala akukhumudwitsidwa ndi aphungu aamuna kuyambira 1994 koma sananenepo kuti mwamuna tamuyesa kale. Mu 2019 chiwerengero chinakwera kufika pa 45, ndipo mayi Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi. Tinasangalala, koma 45 mwa 193 sikufika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi.

Amayi anga ondibereka anavinira Kamuzu ali mbumba, atavala nsalu ya nkhope yake. Ine ndavinapo pamisonkhano ya chipani, ndipo sindinyoza wovina. Koma taonani mmene msonkhano wa ndale umakhalira mpaka lero: amayi pansi padzuwa ndi nyimbo, abambo pamipando mumthunzi ndi chimkuzamawu. Amene anazolowera kukuonani mukuvina amadabwa mukapempha chimkuzamawucho. Chonsecho pa ndalama ya K200 imene timagulira tomato pali nkhope ya mayi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda la masiku ochepa, ndipo anadzakhala mkazi woyamba kukhala m'gulu la nduna. Amayi anali m'ndale za dziko lino dzikoli lisanalandire ufulu.

Nditaona kuti misonkhano ikuluikulu ikungopatsa mpata otukwana, ndinasintha kachitidwe. Ndinayamba kupita kumene amayi amakhala okha: ku banki m'khonde, kuchigayo, kusikelo ya ana, pa mjigo m'mamawa, kudimba. Ndinkakhala nawo pansi, anthu khumi kapena khumi ndi asanu, ndipo uthenga wanga woyamba sunali woti andivotere. Ndinkawauza kuti chisankho cha MEC sichili ngati chipulula. M'kachipinda kovotera mumalowa nokha, palibe mwamuna, palibe mfumu, palibe wachipani amene angadziwe pamene mwachonga. Mungadabwe kuchuluka kwa amayi amene ankakhulupirira kuti pali makina oonetsa mmene munthu wavotera, kapena kuti akavotera wina adzachotsedwa pa mndandanda wa makuponi a feteleza. Ndinkawauzanso kuti chitenje cha chipani chilichonse akapatsidwa sichiwamanga. Pa anthu amene analembetsa kuvota mu 2019, amayi anali oposa theka. Mphamvu ilipo, chimene chimaiphwanya ndi mantha. Abambonso musawasiye. Ndinkapita m'magulu a alimi ndi kwa anyamata a kabaza, ndipo ena mwa anthu amene anandilimbikira kwambiri anali abambo amene ali ndi ana aakazi kusukulu.

Za mamonita, anthu okuyang'anirirani kuvota ndi kuwerenga mavoti, ndinene mwapadera, chifukwa apanso ukazi umalowapo. Anthu amene ndinkawakhulupirira kwambiri anali amayi, koma kuwerenga mavoti kumayamba madzulo n'kufika pakati pa usiku, nthawi zina mpaka m'bandakucha. Pa masenta ena amuna anabwera kudzatenga akazi awo mdima utangogwa, akuti mkazi wapabanja sagona kusukulu ndi amuna achilendo. Ikani anthu awiri pa senta iliyonse, mayi ndi bambo. Kalankhuleni ndi amuna awo a mamonita anu pasadakhale, inuyo pamodzi ndi amuna anu kapena amalume anu. Akonzereni tochi, chakudya, mayunitsi ndi njinga yowabweza kunyumba. Auzeni kuti asachoke asanasaine ndi kulandira pepala la zotsatira za pa senta yawo.

Zotsatira zitatuluka ndinakhala ndi mapepala a masenta onse n'kumawayang'ana. Kumene ndinakhala pansi ndi amayi m'timagulu, ndinapambana, kwina ndi mavoti ambiri ndithu, kuphatikizapo senta ya kwa mayi uja anandithawa pa chipulula. Kumene chithunzi chija chinafika ine ndisanafike, kumene anthu ankandidziwa ndi dzina la m'nyimbo osati ndi nkhope, ndinagwa kwambiri. Mfundo zanga zinali zofanana m'masenta onse. Chinasiyana ndi chakuti kwina bodza linayamba kufika. Ndiye ngati mukuganiza zoima, yambani kuyenda m'midzi yakutali ya wodi yanu panopa, anthu akudziweni ndi ntchito musanatenge fomu, kuti woipitsa dzina akadzafika adzapeze anthu oti, "Ameneyo timamudziwa."

Palinso kuwonongeka kwina kumene sikuoneka pa pepala la zotsatira. Mtsikana wina wophunzira bwino, amene ankandithandiza kulemba makalata ndipo ndinkaona kuti tsiku lina angadzakhale phungu, anandiuza chisankho chitatha kuti, "Amayi, zimene ndaona zakwana. Ine ndale ayi." Amayi otere ndi ambiri kuposa ife amene tinaima n'kugwa. Sapezeka pa chiwerengero chilichonse, ndipo wovota sadziwa n'komwe kuti anamanidwa mwayi wowasankha. Ku khonsolo nkhani zimene zimatsalira ndi zomwezo zimene amayi amazidziwa ndi thupi lawo: nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera pachipatala, mtunda wopita ku mjigo, zimbudzi za atsikana kusukulu, malo ogulitsira ndiwo pamsika. Sindikunena kuti mwamuna sangazilankhule. Koma pa tebulo pakakhala amayi awiri mwa anthu makumi awiri, zimakambidwa kumapeto ndalama zitatha kale.

Ena amati tisiye zinthu ziziyenda zokha, mkazi wanzeru apambana. Ine zimene ndinaona pabwalo la sukulu lija sizindilola kuvomereza. Lamulo la Gender Equality Act limati pa ntchito za boma pasakhale amuna kapena akazi opitirira 60 pa 100 alionse, koma silikhudza mipando yochita kuvotera. Mu 2017 bungwe loona zokonza malamulo, Law Commission, linapereka ganizo loti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando umodzi wa phungu wopikisanirana amayi okhaokha, koma silinasanduke lamulo. Ku Rwanda, kumene malamulo awo amasungira amayi mipando, aphungu aakazi ndi oposa theka. Ndimagwirizana ndi ganizo la mipando yapaderayo. Koma chinthu chimene chipani chilichonse chingachite mawa lomwe popanda kudikira Nyumba ya Malamulo ndi kusiya kufoletsa anthu pa chipulula. Nthumwi zizivota pa pepala mwachinsinsi, mndandanda wawo uzimatidwa poyera masabata angapo tsikulo lisanafike, chisankho chiziyamba pa nthawi imene yalengezedwa, ndipo wopikisana amene anyamata ake atukwana mnzake azichotsedwa. Mtsogoleri wachipani akadzabwera kwanu n'kumanena kuti amalemekeza amayi, mufunseni zinthu zinayi zimenezi pamaso pa gulu.

Kwathu kuno sitikudikira. Ife amayi a m'mabanki m'khonde angapo tinagwirizana kuti aliyense, m'chipani chimene akuchikonda, alowe m'komiti ya eriya ndipo apikisane pa mipando ya wapampando ndi mlembi, osangokhala m'nthambi ya amayi yokonza magule ndi kuphika. Nthumwi za chipulula zimachokera m'makomiti amenewa, ndipo mlembi ndi amene amasunga kope la mayina. Zisankho za makomitiwa zimachitika mwakachetechete, nthawi zambiri pansi pa mtengo pali anthu ochepa, chisankho chachikulu chidakali kutali. Funsani gavanala wa chipani wa dera lanu kuti za eriya yanu zichitika liti, ndipo tsikulo mupite ndi anzanu.